Sewero la chikondi lasanduka mankhwala a chidakwa ku America

Mowa ulibe mtundu. Mzungu, mmwenye kapena wakuda ngati ine ndi inu, ukangomulowa m'mutu amadzandira chimodzimodzi, ndipo kukacha matsire samufunsa kuti kwanu nkuti. Koma ngakhale kuledzera kuli kumodzi, njira zomwe zimamufikitsa munthu pa botolo nzambiri, ndipo mawu oti amubweze kumeneko ayenera kukhala oti awamve ndi mtima, osati ndi khutu lokha.

Mfundo imeneyi idawavutitsa akatswiri ena a pa yunivesite ya Yale, mumzinda wa New Haven m'chigawo cha Connecticut ku America, mpaka adachita chinthu chomwe poyamba chimamveka ngati nthabwala. Adatenga maphunziro othandiza munthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, nkuwaluka kukhala sewero longa aja a chikondi ndi misozi omwe azimayi athu, ndi abambo ena mobisa, amaonera pa Telemundo. Atatero adaliika pa kompyuta nkuwapatsa odwala oyankhula Chisipanishi. Ndipo zidathandiza. Tiyeni tiione bwino nkhaniyi, awerengi, pakuti muli phunziro kwa aliyense yemwe ali ndi m'bale woti akagwira ndalama salambalala bawa.

Choyamba tidziwe kuti tikukamba za yani. Ku America akati a Hispanic amanena anthu omwe iwo eni, makolo awo kapena agogo awo adachokera kumadera oyankhula Chisipanishi monga Mexico, Puerto Rico, Cuba, El Salvador, Dominican Republic ndi Guatemala. Kalembera wa 2020 adawapeza okwana 62 miliyoni, kutanthauza anthu pafupifupi 19 mwa 100 aliwonse m'dzikomo. Mukawaika pamodzi akuwirikiza pafupifupi katatu chiwerengero cha dziko lathu lino. Mwa 10 aliwonse, 6 mizu yawo ili ku Mexico. Alipo madokotala, maloya ndi aphunzitsi pakati pawo, koma ambiri, makamaka ongofika kumene, ndi omanga nyumba, othyola zipatso m'minda, ophika ndi otsuka mbale m'malesitilanti. Amagwira ntchito usana ndi usiku nkumatumiza kangachepe kumudzi, monga achitira abale athu a ku Joni.

Kamwedwe kawo kali ndi chodabwitsa. Bungwe la boma la America lofufuza za mowa, la NIAAA, lakhala likunena kuti a Hispanic osamwa nkomwe ndi ambiri poyerekeza ndi azungu, koma omwe amamwawo akakhala pansi amapapira wambiri nthawi imodzi. Kumeneko amati munthu wamwa mopyola muyeso ngati mwamuna wakhuthula mabotolo 5, kapena mkazi mabotolo 4, m'maola awiri okha. Botolo lake ndi la mamililita 355, losasiyana kwenikweni ndi lomwe timalidziwa kuno. Inu a Lachisanu madzulo, werengani nokha. Zotsatira zake zimakaonekera pa chiwindi: kwa zaka zambiri ziwerengero zakhala zikuonetsa kuti amuna a Chihispanic amafa ndi matenda ouma chiwindi kuposa amuna achizungu.

Tsono uchidakwa womwe tikunenawu si chipongwe chomwe timamunenera mnzathu akagwa m'ngalande. Ndi matenda olembedwa m'mabuku a zachipatala. Buku lomwe madokotala a maganizo ku America amatsata, lomwe adalikonzanso mu 2013, lili ndi zizindikiro 11. Zina mwa izo nazi: kumwa kuposa momwe udakonzera, kuyesa kusiya koma osatha, chibaba, kulephera ntchito kapena sukulu chifukwa cha mowa, kupitiriza kumwa ngakhale banja likugwedezeka, kufuna wambiri kuti uledzere monga kale, ndi kunjenjemera ukapanda kumwa. Ukakhala ndi ziwiri zokha m'miyezi 12, matendawa uli nawo. Zikafika 6, ndiye kuti akula. Bungwe la WHO lidati mu 2019 mowa udapha anthu 2.6 miliyoni padziko lonse, ndipo ku America kokha, m'zaka za 2020 ndi 2021, unkapha anthu pafupifupi 178,000 pachaka.

Mwina mukuti, aaa, dziko lolemera ngati limenelo, mankhwala ali mbwee, vuto nchiyani? Zoona, mankhwala alipo. Pali disulfiram, yemwe amakudwalitsa ukangolawa mowa. Pali naltrexone, yemwe adaloledwa mu 1994, wochepetsa kukoma komwe bongo umamva. Pali acamprosate wa mu 2004. Pali magulu a Alcoholics Anonymous omwe adayamba mu 1935 ku Akron, Ohio. Koma ndi zonsezi, mwa anthu 10 odwala uchidakwa ku America, yemwe amalandira chithandizo sakwana ndi mmodzi yemwe. Kwa a Hispanic khomo ndi lopapatiza koposa.

Chopinga choyamba ndi ndalama. Kumeneko kulibe zoti ungolawirira pa chipatala cha boma ndi kabuku kako. Chithandizo chimayendera inshulansi, ndipo mu 2022 a Hispanic pafupifupi 17 mwa 100 aliwonse adalibe inshulansiyo, kuwirikiza katatu poyerekeza ndi azungu. Chachiwiri ndi mantha. Munthu wopanda mapepala okhalira m'dzikomo akaona fomu yofunsa dzina ndi keyala, mtima umagunda, amaganiza kuti mawa a zolowa ndi kutuluka agogoda pakhomo. Chachitatu ndi manyazi, pakuti mwamuna weniweni amayenera kuupirira mowa, ndipo za m'nyumba sazitulutsira kubwalo. Chachinayi ndi chiyankhulo. Kafukufuku wa bungwe la akatswiri a maganizo ku America mu 2015 adapeza kuti mwa akatswiri 100, oti nkumuthandiza munthu m'Chisipanishi sadali kufika 6.

Taganizani, abale. Nkhani ya malungo ungathe kuifotokoza ndi manja, kuloza mutu ndi msana basi. Nanga nkhani yoti umamwa chifukwa mwana wako wamkazi udamusiya ali ndi zaka zitatu ndipo pano akukwatiwa iwe usanamuonenso, ungailoze ndi chala? Ungaikambe kudzera mwa womasulira, kapena mwa mwana wako yemwe wamutenga kuti akuthandize Chingerezi? Chimene chimachitika nchakuti munthu amapita kamodzi, nkugwedeza mutu mwaulemu pa zonse zomwe adokotala anena, osabwereranso.

Apa mpomwe pakubwera mayi wina dzina lake Kathleen Carroll, pulofesa wa pa Yale yemwe adamwalira mu 2020. Mayiyu ankagwira ntchito ndi njira ina yochizira yomwe m'Chingerezi amaifupikitsa kuti CBT, yomwe mizu yake ili m'ntchito ya Aaron Beck ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1960. Nzeru yake njapafupi kuimva ngakhale kuichita nkovuta. Imati munthu samangopezeka waledzera ngati wagwa m'mwamba. Pamakhala choyambitsa, pamabwera ganizo, kenako mwendo umanyamuka. Tsiku lamalipiro ndi choyambitsa. Ganizo limati, ndagwira ntchito ngati bulu, kamodzi kokha sikangandiphe. Mwendo uja wafika kale pa kauntala. Munthu akaphunzira kuuona unyolo umenewu, angathe kuudula pakati.

Choncho wodwala amaphunzitsidwa maluso, monga momwe telala aphunzirira kudula nsalu. Kuzindikira malo, anthu ndi nthawi zomwe zimamukoka. Kupirira chibaba podziwa kuti chimakwera nkutsikanso chokha ngati funde la panyanja ukapanda kuchidyetsa. Kukana mowa pamaso pa anzake mosazungulira. Kutsutsa maganizo onyenga aja. Kuthetsa mavuto mmodzimmodzi m'malo mowamiza m'botolo. Ndiponso kuchenjera ndi tizisankho tooneka tating'ono, monga kudzera njira ya kumsika yomwe ili ndi bawa pakati, uku ukudzinamiza kuti ndi yachidule.

Vuto lomwe Carroll adaona nlakuti alangizi odziwa bwino njirayi ndi ochepa, ndipo ambiri omwe amati akuitsata amangocheza ndi wodwala mpaka nthawi itatha. Ndiye iye ndi anzake adaganiza zoika maphunzirowa pa kompyuta, pakuti kompyuta sitopa, siiwala mutu ndipo sinyansidwa ndi munthu. Pulogalamuyo adaitcha CBT4CBT. Ili ndi mitu 7, ndipo mutu uliwonse uli ndi kafilimu koonetsa munthu ali pa mayesero. Koyamba amagwa. Kenako wofotokoza amaphunzitsa luso, nkuonetsanso kafilimu komweko munthu uja akugwiritsa ntchito lusolo ndi kupulumuka. Pamapeto pali mafunso ndi ntchito yokachita kunyumba. Zotsatira za kuyesa koyamba zidatuluka mu 2008 ndipo zidali zolimbikitsa. Koma zonsezi zidali m'Chingerezi.

Munthu waulesi akadangolemba ganyu womasulira, mawu a Chisipanishi nkumayenda pansi pa chithunzi, ntchito yatha. Koma akatswiri ena a pa Yale pomwepo, Manuel Paris, Michelle Silva ndi Luis Añez, omwe kwa zaka zambiri ankathandiza odwala oyankhula Chisipanishi ku New Haven, ankadziwa kuti kutero nkumuveka munthu jekete la mwini. Maluso 7 aja adawasiya momwe adalili, pakuti ndiwo mankhwala ake. Chomwe adasintha ndi mbale yoperekeramo. Adalemba nkhani yatsopano, ya anthu ooneka ndi kuyankhula ngati odwalawo, okumana ndi mavuto omwe odwalawo amawadziwa, ndipo adaipanga ngati telenovela, sewero lopitirira lija loti ukaonera gawo limodzi umafuna udziwe kuti mawa zikhala bwanji.

Sadasankhe telenovela mwangozi. Ku Latin America sewero lotere lidaonetsa kale kuti limasuntha anthu. Mu 1969 ku Peru kudali lina lotchedwa Simplemente María, lonena za mtsikana wantchito yemwe adaphunzira kuwerenga ndi kusoka mpaka kutukuka, ndipo atsikana antchito ambiri adathamangira sukulu za kwacha ndi makina osokera. Ataona zimenezi, Miguel Sabido wa ku Mexico adayamba kupanga dala masewero ophunzitsa, lina la sukulu za kwacha mu 1975 ndi lina la kulera mu 1977. Ife omwe tidakula tikumvera Zimachitika pa wailesi sitingadabwe. Ulaliki umalowa khutu ili nkutulukira linali, koma munthu wa m'sewero ukamukonda umayenda naye mpaka kuntchito.

Pamene pagona luso lenileni mpa momwe adagwirira chikhalidwe. Pali mawu angapo omwe a Hispanic amawalemekeza. Familismo ndi kuika banja patsogolo pa zonse. Respeto ndi ulemu, makamaka kwa akulu. Confianza ndi kukhulupirirana komwe kumayenera kukhalapo munthu asanakutsegulire mtima. Machismo ndi uchamuna uja wodzitama. Marianismo ndi chiphunzitso choti mkazi wabwino amapirira chilichonse mwakachetechete monga Maria Virigo. Fatalismo ndi mtima woti zonse zidalembedwa kale, palibe chomwe ungasinthe. Zonsezi ndi mipeni yakuthwa konsekonse. Banja lomwelo lomwe lingakupulumutse ndi lomwenso limakudzazira tambula pa ubatizo wa mwana.

Tiyerekeze chonchi. Munthu wasiya mowa milungu itatu, ndipo wapita kuphwando la mwana wa mchimwene wake. Amalume ake akulu, omwe adamulipirira ulendo wobwera ku America, akumupatsira botolo pamaso pa anthu. Buku lolembera mzungu wa ku Boston limati yang'ana munthuyo m'maso, nena kuti ayi, tembenuka uzipita. Koma kwa munthu woleredwa mu respeto, kutero nkutukwana. Akakakamizidwa kusankha pakati pa kunyoza amalume ndi kumwa, amwa basi. Choncho luso lokana liyenera kuphunzitsidwa m'njira yoti ulemu utsale: kuthokoza, kutchula chifukwa chomwe mkuluyo sangachitsutse monga thanzi kapena ana, ndi kulandira chakumwa china kuti dzanja lisakhale lopanda kanthu. Luso ndi lomwe lija, koma lavala zovala zakwawo.

Chimodzimodzi ndi uchamuna. Ukamuuza mwamuna kuti uchamuna wake ndiwo matenda, watseka khomo. Koma m'chikhalidwe chomwecho muli mawu ena, caballerismo, onena za mwamuna wosunga mawu ake, woteteza ndi kudyetsa banja lake. Ndiye funso limatembenuzidwa: mwamuna weniweni ndi uti, womaliza kireti kapena wofika ndi malipiro athunthu kunyumba? Ngakhale miyambi yawo, yomwe amaitcha dichos, imagwira ntchito pamenepa, pakuti mwambi ndi mawu a agogo, sumveka ngati lamulo la adokotala.

Ndipo tisaganize kuti anthuwa ankangodikira Yale kuti iwaganizire. Ku Mexico kuli mwambo wakale wotchedwa juramento. Munthu wotopa ndi mowa amapita kutchalitchi, ambiri ku Basilica ya Guadalupe mumzinda wa Mexico City, nkukalumbira pamaso pa Maria Virigo kuti samwa kwa miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka. Amapatsidwa kakhadi. Anzake akamukakamiza amangotulutsa kakhadiko, ndipo onse amamusiya, pakuti palibe wofuna kulimbana ndi lumbiro lotere. Mwaona? Chikhalidwe chidapeza kale njira yokanira botolo popanda kutaya abwenzi. Wanzeru amamanga pa maziko otere.

Nanga zidayenda bwanji atayesa? Zotsatira zidasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya zaumoyo ya American Journal of Public Health. Adatenga anthu 92 oyankhula Chisipanishi omwe adabwera kudzafuna chithandizo, ena a mowa, ena a chamba, ena a cocaine. Adawagawa pawiri mwamaere. Gulu lina lidalandira chithandizo cha masiku onse cha pachipatala, gulu linalo chithandizo chomwecho kuphatikizapo sewero la pa kompyuta lija, kwa milungu 8. Omwe adaonera sewerolo adachepetsa masiku omwa kapena osuta kuposa anzawo, ndipo atawatsatira kwa miyezi 6 phindulo lidali likuonekabe. Pambuyo pake, mu 2024, gulu la pa Yale lotsogozedwa ndi Brian Kiluk lidatulutsa zotsatira za anthu 99 odwala uchidakwa omwe adayesedwa ndi pulogalamu ya Chingerezi. Kumenekonso, omwe adagwiritsa ntchito kompyuta uku akuonana mwachidule ndi wachipatala mlungu uliwonse adaonjezera masiku osamwa kuposa omwe adalandira chithandizo cha masiku onse.

Koma tisavine nyimbo isanathe. Anthu 92 ndi ochepa, sangadzaze ndi mabasi awiri omwe. Ambiri mwa iwo adali ochokera ku Puerto Rico, ndipo anthu a pachilumbachi ndi nzika za America kuyambira mu 1917, choncho mantha a mapepala aja alibe. Chomwe chathandiza iwo ku Connecticut sitinganene mwachangu kuti chithandizanso wothyola mphesa wa ku Mexico ali ku California, kapena wa ku Guatemala yemwe chiyankhulo cha mayi ake ndi K'iche' kapena Mam, Chisipanishi nkukhala chachiwiri. Dzina loti Hispanic ndi thumba lalikulu, muli mitundu yosiyana zakudya, mayankhulidwe ndi kamwedwe komwe. Kuwaphatikiza onse nkufanana ndi mlendo woganiza kuti Mtumbuka, Myao ndi Msena ndi munthu mmodzi.

Palinso kafukufuku wina wotichenjeza. Christina Lee ndi anzake adayesa uphungu wa pamaso ndi pamaso pa a Hispanic 296 omwa kwambiri, ena uphungu wamba, ena wokonzedwa motsata chikhalidwe, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2019. Magulu onse awiri adachepetsa mowa, ndipo powaphatikiza onse kusiyana sikudali kwakukulu. Omwe adapindula koposa ndi uphungu wa chikhalidwe uja adali omwe sadazolowere moyo wa Chiamerika ndi omwe ankasalidwa kwambiri. Tanthauzo lake nlakuti chikhalidwe si mchere woti ungowaza pa ndiwo iliyonse. Chimagwira ntchito pomwe pali bala lake. Mdzukulu wobadwira ku Chicago, woyankhula Chingerezi chokha, mwina sewero la agogo ake silingamukhudze nkomwe.

Chenjezo lalikulu ndi ili, ndipo ophunzira okonda za makompyuta mulimve bwino. Mu kafukufuku uja kompyuta sidalowe m'malo mwa chipatala, idangoonjezera. Munthu yemwe thupi lake lidazolowera mowa tsiku ndi tsiku, akasiya mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kukomoka ngati wa khunyu, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu kuyamba kuona zinthu zomwe palibe. Ena amafa nazo. Pamenepo pamafunika dokotala ndi mankhwala, osati filimu. Ndiponso pulogalamu siingamulipirire lendi, siingamupezere mapepala, siingamubwezere mwana yemwe adatsala tsidya lina la malire. Boma lililonse lokonda zotchipa lingakondwe kumva kuti foni ikuchiza, kuti lisalembe anamwino ndi alangizi. Tikadzamva zotere, tidzafunse mafunso.

Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti a ku New Haven adagwira mfundo yomwe ambiri obwera ndi chithandizo amaiphonya. Sadayambe ndi kufunsa kuti anthuwa ali ndi vuto lanji lomwe likuwalepheretsa kumva uphungu wathu. Adafunsa kuti uphungu wathuwu uli ndi vuto lanji. Inu a geni mukudziwa bwino zimenezi. Katundu akakhala pa benchi mwezi wathunthu osayenda, wogulitsa wanzeru satukwana makasitomala. Amayang'ana katunduyo, mtengo wake ndi momwe akuitanira malonda. Odwala akamabwera kamodzi osabwereranso, chipatala nacho chiyenera kudzifunsa chimodzimodzi.

Ndipo kusintha kwake sikudali kongopaka utoto, kuika chipewa chachikulu cha ku Mexico pachikuto nkumati tatsata chikhalidwe. Kudafuna anthu oyankhula chiyankhulocho kuyambira kubadwa, okhala ndi odwalawo zaka ndi zaka, odziwa kuti mawu ati amachiritsa ndipo ati amabaya. Kudafunanso kulimba mtima koyesa mwamaere ndi kuwerenga zotsatira, m'malo mongodzitama pa msonkhano wa ku hotela.

Tsiku lina wina adzatsika ndege ndi pulogalamu ya pafoni nkutiuza kuti yathetsa uchidakwa kwawo, tingoimasulira m'Chichewa. Tidzamulandire bwino, paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma tidzamufunse kuti m'pulogalamu yakeyo muli luso lokanira chipanda cha mowa pa maliro kapena pa chinkhoswe popanda kunyoza eni mudzi? Muli yankho la mnzako wa pamsika yemwe adakukongoza mpamba, ndipo lero akuti tiye ukandiperekeze kamodzi kokha? Akakanda m'mutu, tidzamuuze za anthu 92 a ku New Haven, ndi kuti kumeneko ntchito idayamba ndi kukhala pansi kumvetsera.